Mukakhala woyamba kufika pamene munthu waphedwa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndawatola m'misonkhano ya achitetezo cha m'mudzi, m'mabwalo a mafumu ndi pakhonde la khoti kuno ku Kasungu. Kaya tili ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, amabwera ndi omwewo. Ndawaika pamodzi chifukwa chimandiwawa kuona banja loferedwa likutuluka m'khoti manja ali m'khosi, kapena munthu wosalakwa akukalambira pa rimandi, pa zifukwa zimene zidayambira m'maola oyamba apolisi asadafike n'komwe. Ngati mlandu ukukhudza inu kapena mbale wanu, onananinso ndi loya. Izi n'zoti muzidziwiretu tsoka lisadagwe.

Kodi woyamba kufika amene mumanenayu si wapolisi?

Kuno kwathu kawirikawiri ayi. Apolisi ali pa Boma ndi m'malo amalonda, pamene imfa zotere zimachitikira kudimba, pamowa, m'njira yachidule kapena kuseri kwa chigafa usiku. Woyamba kuona ndi mayi wolawirira kumjigo, mnyamata wa kabaza, mlonda kapena kapitawo wa pa esiteti. Kenako pamafika anyakwawa ndi achitetezo cha m'mudzi, wapolisi n'kubwera pambuyo, nthawi zina ali ndi wachipatala. Onsewa khoti lingathe kuwaitana, aliyense kudzanena gawo limene adaona.

Ndapeza munthu ali thapsa, magazi ali chuchuchu. Ndiyambe chiyani?

Yambani mwaona ngati wachiwembuyo sali pafupi, kuti nanunso mungavulazidwe. Mukatero onani ngati munthuyo akupuma. Ngati akupuma, za umboni zidikire. Psinjani pabala ndi nsalu yoyera ndipo pezani chokwera cha kuchipatala msanga. Mpeni ukatsalira m'thupi musauzule, chifukwa nthawi zina ndiwo watseka mtsempha. Musayambe kuzungulira naye kupolisi kukatenga kalata iye akutha magazi. Tumani wina kupolisi, wina kwa amfumu, inu muthamangire kuchipatala.

Pomunyamula, ponyani diso: adagona chagada kapena chafufumimba, mutu udaloza kuti, pafupi naye padali chiyani. Ngati mwamupeza ali lende m'mtengo ndipo mukuona kuti mwina akadali moyo, dulani chingwe pamwamba pa mfundo, mfundoyo musaimasule. Kamangidwe kake kamathandiza ofufuza kuona ngati adadzimangirira yekha kapena adachita kumupachika.

Nanga ngati zikuonekeratu kuti wamwalira kale?

Bwererani podzera momwe mwadzeramo, ndipo musalole khamu kuyandikira. Apa ndi pamene timalephera kwambiri. Mfuu ikangomveka, mudzi wonse umakhamukira pamalopo, aliyense kufuna kuona nkhope. Pofika apolisi, mapazi a wachiwembu amene adali m'mizere ya fodya apondedwapondedwa ndi anthu makumi asanu, mkwekwe wosonyeza kumene adamukokera wafafanizika, ndipo chikwanje chadutsa m'manja mwa anthu asanu ndi awiri, aliyense akuti "taonani magazi awa."

Dulani malire patali ndithu, osati pamphepete penipeni pa mtembo. Chingwe, nthambi kapena mapesi zimakwanira. Ngati zachitikira m'nyumba, tulutsani onse, tsekani chitseko, munthu mmodzi wodalirika akhale pakhomo. Pamagazi musathire mchenga, phulusa kapena madzi. Musasese. Musapise m'matumba mwa malemuyo kufuna foni kapena chitupa. Kachidutswa ka ndudu, botolo la kachasu, chipewa, patapata mmodzi, batani lothothoka, zonsezi zisiyeni pomwe zili ngakhale zikuoneka zachabechabe. Ngati mukuganizira tameki kapena mankhwala ena, mbale, kapu, chakudya chotsala ngakhale masanzi zisatayidwe kapena kutsukidwa.

Pakhale wina wodziwa kulemba amene atenge kope n'kulemba nthawi imene mtembo wapezeka, amene waupeza, ndi aliyense amene walowa mkati mwa malire aja. Kapepala kameneka kamaoneka kopanda pake tsiku limenelo, koma pakatha zaka ziwiri kamakumbuka bwino kuposa mutu wa munthu aliyense.

Mwambo wathu sulola kusiya maliro pamtetete. Tisamufunditse kapena kumuwongola?

Funso limeneli amafunsa ndi akuluakulu, ndipo ndimalilemekeza, chifukwa limachokera m'chikondi. Kwathu munthu akatsirizika timamutseka maso, kumuwongola miyendo asadaume, kumusambitsa ndi kumugoneka m'siwa. Koma imfa yachiwembu ndi ina. Thupilo ndilo mboni yoyamba ya malemuyo. Munthu akamwalira magazi amatsikira mbali imene ili pansi n'kukhazikika komweko, ndipo pakapita maola ochepa thupi limayamba kuuma kuyambira m'nsagwada ndi m'khosi. Wopima akaona kuti magazi adakhazikika chakumimba chonsecho mtembo wapezeka chagada, amadziwa kuti munthuyu adafera kwina kapena wina adamutembenuza. M'zikhadabo mungakhale khungu la amene adalimbana naye. Zovala zimasonyeza pamene mpeni udalowera. Kumusambitsa n'kufufuta zonsezi.

Ulemu ungaperekedwe popanda kugwira thupi. Imikani mphasa kapena zitenje mozungulira kuti ana ndi odutsa asaone. Ngati kufunditsa sikungapeweke, chikhale chitenje chochapa bwino, choyalidwa pamwamba mopepuka, ndipo apolisi akafika muwauze kuti chitenjecho mwaika ndinu. Amayi akhoza kukhuza maliro chapatali. Adzukulu adikire mawu a apolisi.

Apolisi akuchedwa, mvula ikubwera. Tizingoyang'ana?

Zoti galimoto kapena mafuta zimasowa tonse tikuzidziwa, ndipo m'dzinja misewu ina ya kumadera akutali imavuta. Tetezani popanda kusuntha. Phazi looneka bwino livundikireni ndi beseni kapena ndowa. Pamwamba pa mtembo mangani kachisakasa ka lona, kosagunda thupi. Londerani agalu ndi nkhumba, usiku musonkhe moto patali. Ngati madzi a mtsinje akufuna kukokolola mtembo ndipo simungachitire mwina, imbirani wapolisi akuuzeni chochita, jambulani kaye, ikani chizindikiro pamene padali mutu ndi mapazi, ndipo lembani mayina a amene anyamula.

Chovala kapena nsalu ya magazi yonyowa isaikidwe m'jumbo n'kumanga. M'pulasitiki magazi amachita nkhungu n'kuwonongeka, makamaka m'kutentha kwa Okutobala.

Ndidagwira kale chikwanjecho ndisadadziwe zonsezi. Ndibise?

Musabise ngakhale pang'ono. Nenani tsiku lomwelo kuti mudachitola, mudachigwira pati, ndipo mudachiika pati. Munthu wodzidzimuka amagwira zinthu, ndipo khoti limadziwa zimenezo. Choopsa n'chakuti mukane, kenako mboni ina idzanene kuti idakuonani chili m'manja. Pamenepo jaji amayamba kukayikira ngakhale zoona zimene mwanena.

Ndidamverapo mlandu wina umene bambo wachitetezo cha m'mudzi adatenga nkhwangwa pamalo n'kukaisunga kwawo, poopa kuti ana angaseweretse. Mtima wake udali wabwino. Koma adaipereka kupolisi patatha masiku atatu, ili yotsuka, ndipo sadathe kunena amene adaigwira m'masiku amenewo. Loya wa woimbidwa mlandu adangomufunsa kuti, "Bambo, mukutsimikiza bwanji kuti nkhwangwa iyi ndi yomwe ija?" Adakhala chete nthawi yaitali, ndipo ine ndidamumvera chisoni.

Anthu amati wokanena kupolisi ndiye amayamba kutsekeredwa. N'zoona?

Mantha amenewa alipo, ndipo sadangochokera m'malere. Wopeza mtembo amafunsidwa mafunso ambiri, chifukwa ofufuza amayenera kuyamba ndi amene adali pafupi. Koma kufunsidwa si kumangidwa. Pitani ndi anyakwawa kapena wapampando wa achitetezo cha m'mudzi kuti musakhale nokha. Kukhala chete n'kumene kumakuikani pamoto: tsiku likadzadziwika kuti mudaona koma simudanene, mudzafotokoza bwanji?

Ngati mwamangidwa, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati muuzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumamva, muli ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, ndipo mufikitsidwe kukhoti pasadathe maola 48, pokhapokha maolawo atathera nthawi imene khoti silikugwira ntchito. Wochitidwa nkhanza ndi apolisi angathe kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la apolisi la 2010, kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Kodi ndingajambule pafoni?

Jambulani muli kunja kwa malire, makamaka ngati mvula kapena mdima zikufuna kusintha malowo. Yambani ndi chithunzi chapatali chosonyeza mtengo, nyumba kapena njira, kenako chapafupi. Zithunzizo musazikonze, musazifufute, ndipo muuze wofufuza kuti muli nazo. Dziwani kuti mungadzaitanidwe kukachitira umboni kuti mudajambula ndinu.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musaziponye pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mayi wina ku Lilongwe asadziwire pagulu la foni kuti mwana wake waphedwa. Komanso mboni zikaona zithunzi zimayamba kusakaniza zimene zidaona ndi maso ndi zimene zidaona pafoni, ndipo wachiwembu naye amadziwiratu zimene apolisi apeza.

Apolisi akafika, tiyembekezere kuti achita chiyani?

A CID, apolisi ofufuza milandu, amayenera kuyang'ana malo onse asadasunthe kanthu, kujambula, kulemba mapu osonyeza pamene padali mtembo ndi zinthu zina, n'kutola chilichonse pachokhapachokha ndi kuchilemba chizindikiro. Zinthu zimenezi ndizo amazitcha maekizibiti. Chida chimene chingakhale ndi zidindo za zala amachinyamula mosamala kuti akatswiri akachione. Kuchokera pamenepo payenera kukhala mndandanda wosaduka: adatola ndani, adapereka kwa yani, chidasungidwa kuti, mpaka tsiku lofika nacho m'khoti. Wapolisi naye amakaima m'bokosi la mboni n'kufunsidwa zonsezi, monga inu nomwe.

Inu mbali yanu ndi kuwapatsa kope lija ndi kuwauza zonse zimene zasunthidwa. Funsaninso dzina la wofufuzayo ndi nambala yake ya foni.

Kupima mtembo n'kofunikadi? Abale angakane?

Pa imfa yokayikitsa, zopima kapena kusapima si za banja lokha. Boma liyenera kutsimikizira khoti zinthu zingapo: kuti munthuyo adafadi, kuti chidamupha n'chakuti, ndipo kuti adachita zimenezo ndi amene waima m'khotiyo. Popanda lipoti la chipatala, loya akhoza kunena kuti malemuyo adafa ndi matenda kapena adagwa yekha ataledzera. Kupimaku kumachitikira kunyumba yachisoni ya chipatala cha boma, ndipo nthawi zina apolisi amabwera ndi wachipatala kumudzi komweko. Mbale mmodzi amafunika kuzindikira thupi pamaso pa wopimayo, ndipo iyenso amasanduka mboni.

Kuika maliro mwachangu apolisi asadalole kumabala chinthu chowawa kwambiri: lamulo lingathe kutuluka loti manda afukulidwe. Kudikira tsiku limodzi n'kopepuka kuposa kulira maliro kawiri.

Asadatsirizike adanditchulira dzina la amene wamubaya. Khoti lingamve zimenezo?

Lamulo la umboni limati mboni inene zimene idaona kapena kumva yokha, osati zakumva m'maluwa. Koma mawu a munthu amene adamwalira, onena za chimene chidamupha, khoti limawalandira kudzera mwa amene adawamva ndi makutu ake. Choncho agwireni monga adatulukira. Ngati adati "wandipha mlamu," nenani choncho, musaonjezere dzina la mlamu amene inu mukumuganizira, pakuti alamu angakhale atatu. Kumbukirani amene adalipo, ngati ankalankhula zomveka, komanso ngati dzinalo adalitchula yekha kapena wina adachita kumufunsa kuti "kodi ndi uje?" Lembani mawuwo msanga ndipo muwanene m'sitetimenti yanu yoyamba. Mukadzawatulutsa koyamba m'khoti patapita zaka, adzakufunsani chifukwa chake simudawanene kale.

Tamugwira woganiziridwa, ndipo atalawa zibonga wavomera. Si umboni umenewo?

Lamulo limalola munthu wamba kugwira amene akumuganizira mlandu waukulu ngati uwu, koma limati amupereke kupolisi mosachedwa. Sililola kumumenya, kumuwotcha kapena kumutenthera nyumba. Akafera m'manja mwanu, mlandu wakupha wachiwiri ndi wanu, ndipo woyamba uja wafera pomwepo pamodzi ndi zonse zimene akadaulula.

Za kuvomera, gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limati khoti lisagwiritse ntchito mawu ovomera mlandu pokhapokha litakhutira kotheratu kuti woimbidwayo adawanenadi ndipo ndi oona. Jaji amafunafuna umboni wina wogwirizana nawo. Munthu amene ali pakati pa khamu lonyamula miyala amavomera chilichonse, ngakhale chimene sadachite. Musamuvule zovala kapena kumuchapira, ndipo musamutengere pamalo paja kuti "akaloze." Mapazi ake akapezeka pamenepo, adzati mudamupondetsapo ndinu.

Popereka sitetimenti ndisamale chiyani?

Lankhulani m'chilankhulo chanu, kaya Chichewa kaya Chitumbuka. Siyanitsani zimene mudaona ndi zimene mudauzidwa. Ngati mulibe wotchi, musapeke ola. Nenani kuti "atambala oyamba atalira" kapena "ana akupita kusukulu." Musadasaine kapena kudinda chala, awerengereni kapena akuwerengereni zonse, ndipo pamene palakwika pakonzedwe pomwepo. Musakhale pansi ndi mboni zinzanu kuti mugwirizanitse nkhani. Anthu anayi oona chinthu chimodzi amasiyana pang'ono, ndipo akafanana liwu ndi liwu jaji amadabwa.

Mlanduwu ukazengedwa kuti, ndipo bwanji umatenga zaka?

Mlandu wakupha suzengedwa ndi majisitireti. Woganiziridwa amaonekera kaye kwa majisitireti pa Boma, kenako nkhani imatumizidwa ku Khoti Lalikulu. Faelo imapita ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, DPP. Kasungu ili pansi pa Khoti Lalikulu la ku Lilongwe, koma majaji amabweranso kudzazengera milandu yotere m'maboma. Belo pa mlandu wakupha imaperekedwa ndi Khoti Lalikulu lokha, ndipo wopanda ndalama ya loya amathandizidwa ndi Legal Aid Bureau.

Lamulo limati woganiziridwa kupha asasungidwe masiku opitirira 90 mlandu usadayambe, pokhapokha khoti litaonjezera. Zoona zake n'zakuti ambiri amakhala nthawi yaitali kuposa pamenepo. Akuluakulu adati mlandu suwola, koma mboni zimasamuka. Kuno matenanti amabwerera kwawo fodya akagulitsidwa, ndipo mboni yofunika imapezeka kuti ili ku Mulanje kapena idawolokera ku Zambia. Mukamasamuka, siyani nambala yanu kwa wofufuza ndi kwa anyakwawa.

Ndalandira samani. Tsiku la umboni limayenda bwanji?

Samani si pempho. Mukapanda kupita popanda chifukwa chomveka, khoti lingathe kulamula kuti mugwidwe. Za mayendedwe kambiranani ndi wapolisi amene wabweretsa samaniyo. Mboni zimadikira panja mpaka kuitanidwa. Mukalowa mumalumbira kapena kulonjeza kunena zoona, ndipo womasulira amakhalapo. Woimira boma amayamba kukufunsani, kenako loya wa woimbidwa mlandu, ndipo woimira boma angathe kubwereranso kuti awongole pamene sipadamveke. Akhoza kukuonetsani chida kapena chovala kuti munene ngati mukuchizindikira. Ngati mukuchizindikira, nenani chifukwa chake, monga mpini wong'aluka womangidwa ndi mphira. Kunama mutalumbira ndi mlandu paokha.

N'chifukwa chiyani maloya amakakamira tinthu ting'onoting'ono?

Chifukwa tinthu timeneto ndito timalekanitsa milandu. Gawo 209 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limanena za kupha mwadala, ndipo chilango chake chingafike pa kunyongedwa kapena kukhala m'ndende moyo wonse. Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, jaji sakakamizidwanso kupereka chilango cha imfa, amayang'ana momwe zinthu zidachitikira. Gawo 208 limanena za kupha kosakonzekera. Palinso amene amapha podziteteza. Ndiye akamakufunsani ngati mpeni udali wa m'nyumbamo kapena wobwera nawo, ngati m'manja mwa malemuyo mudali kanthu, ngati mipando idagwa, ngati chitseko chidathyoledwa, akufuna kudziwa kuti pa zitatuzi chidachitika n'chiti.

Adzakufunsaninso za kuwala. Kudali mwezi? Tochi idali ya yani? Mudaima patali bwanji? Mumamudziwa kale munthuyo? Musapse mtima, loyayo akugwira ntchito yake, ndipo mawa angadzaimire mwana wanu. Pamene mwaiwala nenani kuti mwaiwala, pamene simudaone nenani kuti simudaone. Ngati akukuwerengerani sitetimenti yanu yakale ndipo ikusiyana ndi zimene mwanena lero, fotokozani modekha chimene chili choona.

Ngati pamalo padasokonezedwa, ndiye kuti mlandu watha?

Osati nthawi zonse. Gawo 3 la Criminal Procedure and Evidence Code limati chilungamo chenicheni chichitike popanda kukakamira kwambiri timfundo ta ndondomeko. Ngati pali mboni zoona ndi maso ndi lipoti lomveka la chipatala, munthu angathe kupezeka wolakwa ngakhale chida chidasowa. Koma udindo wotsimikiza mlandu uli pa boma, ndipo chikayiko chomveka chikatsala, womangidwayo amamasulidwa. Milandu imene imagwa kwambiri ndi ija yopanda woona ndi maso, imene imadalira phazi, magazi pa malaya ndi chida chopezeka kuseri kwa nkhokwe. Pa milandu yotere, zimene tanena kale za kuteteza malo ndi za kusabisa chida chimene mudagwira ndizo zimagamula.

Mabanja akambirana, chipepeso chaperekedwa, ndipo ena akundiuza kuti ndisakapite kukhoti. Nditani?

Kupepesana pakati pa mabanja ndi chinthu chabwino, ndipo mafumu athu amagwira ntchito yaikulu poziziritsa mitima kuti pasakhale kubwezerana. Koma mlandu wakupha ndi wa boma. Banja silingauthetse, amfumu sangauthetse, wapolisi wa pa kauntala sangauthetse. Mphamvu yoimitsa mlandu wotere ili ndi DPP. Amene akukupatsani mbuzi kapena ndalama kuti musinthe mawu akupalamula, ndipo mukalandira mwalowamo nanu.

Ndikudziwa kulemera kwake. Woimbidwa mlanduyo mwina ndi msuweni wanu, mumatunga pa mjigo umodzi ndi amayi ake, ndipo akatuluka pa belo mumakumana naye pamsika. Ngati wina wakuopsezani, lembani tsiku, mawu ake ndi amene adalipo, ndipo mauthenga a pafoni musawafufute. Kauzeni wofufuza uja kapena mkulu wa polisi ya kwanuko, ndipo tsiku la khoti muuze woimira boma musadalowe m'bokosi. Kusasokoneza mboni kumakhala pakati pa malamulo a belo, ndipo woswa lamulo limeneli khoti lingathe kumulanda beloyo n'kumubwezera ku rimandi.